Tsiku Lomwe Kamera Inataya Diso la Mphwanga

Mphwanga anandiuza Lachisanu kuti tikakakumana pabwalo la mpira ndisakamupatse moni. Anandiyimbira foni ndili m'takisi yochokera ku Queensburgh kupita ku Overport komwe ndimagona, ndipo poti m'takisi sitiyankhula Chichewa, ine ndinkangovomera kuti "yebo, yebo" ngati wantchito amene akulandira malangizo kwa abwana ake.

"Achimwene, mukundimva? Mawa inu simukundidziwa, inenso sindikukudziwani. Musakandiyang'anitsitse. Mukajambule zithunzi zanuzo, mukatha muzikapita. Sharp?"

"Sharp," ndinatero, koma mtima ukuwira. Mwana amene ndinkamubereka kumbuyo ku Balaka, uja ankandikodzera malaya a sukulu, lero ndiye wondiphunzitsa kayendedwe.

Komatu sankalakwa. Iye ndinamuitanitsa kuno kudziko la eni bambo athu atamwalira, akadali wamng'ono, ndipo sukulu anaphunzira konkuno. Chizulu chinamulowa mpaka m'mafupa. Atakula anakapeza kachipinda kakuseri kwa nyumba ina ku KwaMashu, n'kuyamba ntchito yomata matayala, kenaka n'kukhala goloboyi wa timu ya m'dera lomwelo. Anzake onse ankadziwa kuti kwawo ndi kumidzi ya kumpoto kwa chigawo chimene tikukhala, kufupi ndi malire, ndipo iye sanavutike kuwawongolera. Ine Chizulu changa n'chothyokathyoka. Ndikangoti nditsegule pakamwa, ngakhale mwana wa mkalasi yoyamba amadziwa kuti uyu ndi wobwera. Miyezi imeneyo n'kuti magulu a anthu akuyenda m'mashopu kufunsa mapepala, ndipo anzathu angapo anali atatulutsiridwa katundu panja. Mphwanga akanadziwika kuti ndi Mmalawi, akanataya chipinda, ntchito ndi timu tsiku limodzi, mwinanso zoposa pamenepo.

Ine ku bwalo kuja sindinadzitume. Ndinayamba ngati wosamala maluwa kwa mzungu wina wachikulire ku Queensburgh, yemwe moyo wake wonse unathera pojambula masewera. Maondo atayamba kumukana ndinkamunyamulira zikwama, manja atayamba kunjenjemera ndinkamugwirira kamera, mpaka tsiku lina anangokhala pampando n'kunena kuti jambula ndiwe. Sabata imeneyo mwini timu ya mphwanga anapempha zithunzi za masewera a chikho, zoti akaonetse anthu amabizinesi amene ankafuna kuti azithandiza timuyo. Abwana anali chigonere. Anandiloza ine, ndipo ndinalibe chifukwa chokanira chimene ndikanatha kuchinena.

Kamera imeneyo si ya paukwati ayi. Ndi yakuda, yolemera ngati njerwa, ndipo lenzi yake ndi yaitali kufanana ndi mkono wanga, moti imafuna mwendo wake wachitsulo woti iziimirapo. Ukadina batani osachotsa chala, imatola zithunzi zoposa makumi awiri pa sekondi imodzi, mwakachetechete, osamveka ngakhale kuti tswa. Ukasuzumira mkati umaona kabokosi kobiriwira kamene kamasaka diso la munthu. Kakaligwira sikalitaya. Munthu athamange, adumphe, anzake amudutse kutsogolo, iko kamangomamatira padisopo ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Abwana ankati makinawo aphunzira zonse kupatula kudikira, ndipo kudikirako ndiyo inali ntchito yanga. Ine ndinkati kwathu tinazidziwa kale, kuona maso a nkhono n'kudekha. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti chala sichichoka pabatani chinthu chisanathe kuchitika. Wojambula amene amatsitsa kamera kuti akuwe, ankatero, alipire pachipata ngati anzake onse.

Ndinafika pabwalo dzuwa litapendeka pang'ono. Bwalolo ndi lafumbi pakati, udzu uli m'mbali mokha, ndipo anthu amaima pamzere penipeni chifukwa palibe mpanda. Matakisi anali atazungulira, zitseko zili pululu, nyimbo zikugunda. Utsi wa nyama yootcha unkadutsa pakati pa bwalo. Nditangotulutsa lenzi m'chikwama, maso onse anatembenukira kwa ine. Chinthu chotero sichibisika, ndipo munthu amene wachinyamula sabisikanso.

Ndinaganiza zoyankhula Chingelezi chokha, chachifupi. Mwini timu anandigwira chanza n'kundilozera poti ndikhale, kuseri kwa golo la adani, kumene anyamata ake akhale akuthamangira. Ndisanakhazikike, bambo wina wa kapusi yofiira, botolo lili m'manja, anabwera n'kuwerama kusuzumira m'lenzi ngati akufuna kuonamo agogo ake.

"Uvelaphi, baba?" anandifunsa kumene ndikuchokera.

"Overport."

Anaseka. Anafunsanso m'Chingelezi kuti nanga Overport asanabwere ndinali kuti. Ine ndinaika diso pakamera n'kuyamba kupotokola lenzi ngati muli chinachake chovuta kwambiri. Anaima pamenepo kanthawi, ndikumva mpweya wake wa mowa pakhosi panga, kenaka anachoka akuyimba mluzu. Sanapite patali.

Matimu akulowa, mphwanga anadutsa pafupi nane moti ndikanatambasula dzanja ndikanamukhudza. Anavala juzi yachikasu, magolovesi atawapanira kukhwapa, akuseka ndi mnzake m'Chizulu chosalala. Maso ake anandidutsa ngati ndine mtengo wa magetsi. Ndinadziwa kuti tinapangana, koma zinandiwawabe. Zinandiwawa kwambiri.

Chigawo choyamba ndinagwira ntchito yanga bwino, zimenezo ndinganene popanda manyazi. Timu ya mphwanga inagoletsa chigoli chimodzi, ndipo ndinachitola chonse, kuyambira phazi likukhudza mpira mpaka ukonde ukufufuma. Mphwanga anali kutali, kugolo lina, kadontho kachikasu. Koma lenzi yaitali ilibe kutali. Mpira ukatuluka panja, ndinkaitembenuzira kwa iye mwakabisira n'kumuona nkhope yonse, thukuta likutsika pachipumi, milomo ikutukwana oteteza kumbuyo. Anandiletsa kumuyang'anitsitsa, koma palibe amene angadziwe chimene munthu akuyang'ana m'kati mwa kamera.

Atapumula anasinthana magolo, inenso ndinanyamula katundu wanga kupita mbali inayo. Wa kapusi yofiira uja anandilondola.

Adani aja anabwera molusa m'chigawo chachiwiri. Mpira sunkachokanso kugolo la mphwanga, ndipo ine ndinangotsala ndi goloboyi wawo amene ankatafuna chingamu popanda chochita. Nthawi itatsala pang'ono kutha, adaniwo anapeza kona. Ndinatembenuza lenzi. Kabokosi kobiriwira kanadumphadumpha pankhope za anthu, kenaka kanagwira diso la mphwanga n'kukhazikika. Mpira utanyamuka ndinadina.

Ndinamuona akudumpha, nkhonya ili m'mwamba. Ndinaona thupi la munthu wamkulu wa juzi yoyera likumugunda m'mimba ali m'malere. Mpira unapita kutali, bwalo lonse linaphulika ndi chisangalalo, ndipo mphwanga anagwa. Chala changa chinali chidakali pabatani, monga chinaphunzitsidwira.

Anagwa chagada, mutu utapendekera mbali yanga. Nkhope yake inali yonse m'kamera, palibe chomutchinga. Koma kabokosi kaja kanachoka padiso. Kanayendayenda pamphumi, patsaya, kanabwerera, kenaka kanalumphira pankhope ya munthu wina amene anaima chapafupi. Ndajambula anthu ambiri akugwa, a mpira wamiyendo, a ragibe, a njinga, ndipo munthu akakhala kuti wayang'ana kwa ine, kabokosiko sikamusiya. Ndinakokera chithunzi pafupi. Maso anali otsegula, koma munali moyera mokhamokha.

Ndinatsitsa kamera n'kubweza zithunzi pasikirini, chimodzichimodzi, chammbuyo. Apa ali pansi. Apa akugwa. Apa, kumbuyo kwa mutu kwagunda chitsulo cha golo, ndipo khosi lapindika mwa mtundu woti khosi la munthu silipindika. Chinali chithunzi chimodzi chokha pakati pa zambirimbiri. Cham'mbuyo mwake mutu unali usanafike pachitsulo, cham'tsogolo mwake unali utachokapo kale. Palibe diso la munthu pabwalo lija limene linaona zimenezo. Onse anaona munthu atagundidwa m'mimba.

Ndipo ndinkadziwa chimene amachita ndi munthu wogundidwa m'mimba m'mabwalo otere, chifukwa n'chimodzimodzi kwathu. Amamuthira madzi kumaso, wina amamugwira m'chiuno n'kumunyamula m'mwamba, kumugwedeza kuti mpweya ubwerere, kenaka amamukokera kunja kuti mpira upitirire. Kochi wa timu ya mphwanga anali atayamba kale kuthamanga, chigubu cha madzi chili m'manja. Ku ragibe, kumene ndinkapita ndi abwana, ndinaonapo zina. Munthu akagunda mutu chotero, wachipatala amagwada n'kumugwira mutu ndi manja awiri, ndipo palibe amene amamusuntha mpaka machira atabwera.

Sindinganame kuti ndinanyamuka nthawi yomweyo. Ndinaima kaye, mawu a pafoni aja akulira m'khutu. Ndikathamanga, ndiyenera kuyankhula. Ndikayankhula, ndadziulula, ndipo anthu adzafunsa chimene chikumupweteka kameramani wachilendo pa goloboyi wa eni ake. Mwina adzuka yekha, ndinadziuza. Kenaka ndinaona kochi akuwerama n'kulowetsa manja pansi pa msana wake.

Bwalo la mpira ndi lalitali ukamalithamanga ndi njerwa pakhosi. Mwendo wachitsulo uja unkandimenya m'miyendo. Woyimbira anandiyimbira wezulo, anthu anayamba kundikuwiza poganiza kuti ndapenga.

"Ningamthinti!" ndinakuwa kuti asamukhudze. "Ningamthinti! Myekeni!"

Ngakhale ine ndinamva mmene mawuwo anatulukira, opindika, a munthu wobwera. Kochi anadzutsa mutu. Ndi bambo wamfupi wa mimba yake, ndipo anandiyang'ana ngati ntchentche yagwera m'tiyi. Anandikankha ndi chigongono n'kunena kuti ndibwerere kumalo kwanga. Ine ndinamugwira dzanja mwamphamvu, chinthu chimene sindinachitepo kwa munthu wa kuno chibwerereni, n'kumuika sikirini pamphuno.

"Onani mutu," ndinatero m'Chingelezi. "Onani khosi. Mukamunyamula mumupha."

Anayang'ana. Woyimbira anayang'ananso, ndi osewera awiri atatu. Wina anati "eish" chapansipansi. Kochi anasolola manja ake pang'onopang'ono pansi pa msana paja ngati akuchotsa manja pa mbale yotentha.

Ndinaika kamera pafumbi, ndinagwada, n'kugwira mutu wa mphwanga ndi manja awiri monga ndinaonera. Mpaka pamenepo zinthu zikanatha kukonzeka. Ndikanakhala mlendo wachifundo amene waona ngozi, basi. Mwini timu anali akuyimbira ambulansi.

Kenaka mphwanga anatsitsimuka. Maso anabwerera, koma sankaona aliyense. Anayamba kupalasa miyendo, kufuna kudzuka, ndipo anatsegula pakamwa.

"Amayi," anatero. "Amayi, dzuwa likundiotcha. Ndichotseni pano. Amayi!"

Mayi athu anamwalira kalekale. Mawuwo sanali a mnyamata wa ku KwaMashu ayi, anali a kamwana ka ku Balaka, katchulidwe kake komweko. Anzake anayang'anana. Kochi anagwada n'kumuyankhula m'Chizulu, kumutchula dzina limene amamudziwa nalo, kumuuza kuti agone. Sanamve. Mnzake wina anayesa, sanamvenso. Ankangolimbana, mapewa akunyamuka, khosi likufuna kupotoka m'manja mwanga. Ndinayesa Chingelezi, koma zinali ngati ndikuyankhula ndi mwala. Thukuta linapangitsa manja anga kuterera, ndipo ndinadziwa kuti sindimugwira nthawi yaitali.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinaweramira pakhutu pake, koma phokoso linali lalikulu, moti ndinayenera kukweza mawu.

"Gona, mphwanga. Ndine achimwene ako. Usagwedeze mutu, wamva? Gona pomwepo."

Anasiya kupalasa. Maso ake anandipeza.

"Achimwene?"

"Ndine. Ndakugwira. Usasunthe."

"Mwabwera liti?"

"Ndabwera kale. Khala chete."

Anthu amene anatizungulira anakhala chete, ndipo bata lija linafalikira kumbuyo mpaka ndinayamba kumva nyimbo za m'matakisi zokha. Sindinadzutse mutu. Ndinkangoona nsapato, za mpira, matenesi, masilipasi, zikuyandikira. Kenaka ndinamva mawu amene ndinkawayembekezera, ndipo ndinazindikira mwini wake ndisanaone kapusi.

"Hawu! Amakwerekwere womabili!" Ankauza anthu kuti tonse awiri ndife obwera, ndi kuti timu yakhala ikudyetsa mlendo nthawi yonseyi osadziwa.

Ena anaseka. Ena anayamba kuyankhula mokweza, onse nthawi imodzi, ndipo m'Chizulu changa choperewera ndinkatolamo mawu oti mapepala, ntchito, kwanu. Dothi linandigwera pamsana, kaya wina anachita kulikankha ndi phazi kaya anaponya. Mantha anandigwira, sindibisa. Koma pansi pa manthawo panali ukali woti ndikanakhala ndi dzanja lachitatu ndikanamuthyola mano bambo ameneyo. Manja anga awiri onse anali ndi ntchito.

Ambulansi kumalo ngati amenewa sifulumira. Ndipo mphwanga ndikangosiya kuyankhula, ankayambanso kuvutika. Choncho ndinayankhula. Ine amene ndakhala zaka zonsezi ndikumeza Chichewa m'matakisi, m'mashopu ndi pamzere wa kuchipatala, ndinachiyankhula mokweza pakati pa bwalo la ku KwaMashu, anthu mazanamazana akumvetsera. Ndinamufunsa ngati akukumbuka njinga ya bambo yopanda mabuleki imene tinagwa nayo pamtsetse wa kuchigayo. Anati akukumbuka. Ndinamufunsa amene anaba mapapaya a abusa. Anati ndinu. Ndinati bodza, unali iwe, ine ndinangogwira thumba. Anafuna kuseka, ndinamukalipira kuti asaseke. Ndinamuuza kuti agwedeze zala za kumapazi, ndipo nsonga ya nsapato itagwedera ndinatsala pang'ono kulira.

Nthawi ina mthunzi unatiphimba. Mayi wina wogulitsa mandasi, amene kuno amati magwinya, anali atabweretsa ambulera yake yaikulu n'kuima nayo pamwamba pathu. Nkhope yake sinali yachifundo kapena yankhanza. Kumbuyo kwanga kunaima miyendo iwiri ya masokosi a timu ya mphwanga, itandifulatira. Mpaka lero sindidziwa ngati mnyamata ameneyo ankatitchinjiriza kapena sankafuna kutiyang'ana. Osewera ena anali atapita kukakhala pansi chapatali, mitu ili pansi. Wa kapusi anapitiriza kulalikira, ndipo omuvomera sankachepa.

Achipatala atafika anamuveka mphwanga kolala yolimba m'khosi, n'kumumangirira pathabwa. Ndipamene ndinachotsa manja. Zala zinali zitauma, zosatheka kuwongoka. Anandifunsa kuti ndine ndani wake, ndipo ndinayankha m'Chingelezi, mokweza kuposa mmene zinafunikira, kuti ndine mkulu wake, mimba imodzi. Titalowa m'galimoto, kochi anabwera n'kuika kamera pamiyendo panga, fumbi lili mbuu. Ndinali nditaiiwala. Sanandiyang'ane kumaso, anangotseka chitseko.

Kuchipatala dokotala anaona chithunzi chija, kenaka anamujambula mphwanga ndi makina awo. Anati fupa limodzi la m'khosi lachita mng'alu koma silinasunthe, ndipo adzayenda. Za mpira anati tisayambe taganiza. Ndinatuluka panja n'kukhala pansi pakhonde.

Nzeru za mphwanga zinabwerera bwinobwino Lamulungu masana. Ndinali pampando pambali pa bedi, foni yake ili m'thumba mwanga. Chiyambire dzulo lake sinalire ngakhale kamodzi. Panalibe wa timu, panalibe wa kuntchito, panalibe mwini nyumba. M'chipindamo munali odwala ena, choncho anayamba ndi Chizulu, maso ali kudenga poti kolala sinkamulola kutembenuka.

"Siwinile?" anafunsa ngati anapambana.

Ndinamuyankha m'Chichewa, chapansipansi, kuti mpira sunathe. Nayenso anatsitsa mawu.

"Achimwene, mukutani kuno? Tinapangana chiyani?"

"Unagunda mutu pachitsulo. Ankafuna kukunyamula."

"Ndiye munabwera? Pamaso pa anthu onse aja?"

"Ndinabwera."

Anapuma mozama. Ndinaona akuwerengera m'mutu, kufunafuna bodza limene lingakonze zinthu.

"Palibe vuto," anatero. "Ndidzanena kuti ndinu kasitomala wanga wa matayala. Bola simunayankhule zakwathu. Simunayankhule, eti?"

Ndikanatha kumunamiza kuti apume tsiku limodzi lokha. Koma foni ija inali zii m'thumba mwanga, ndipo akanaifunsa posachedwa.

"Unayamba ndiwe," ndinatero.

"Ine? Ndinati chiyani?"

"Unaitana amayi."



"Anamva onse?"

"Onse."

Anafuna kutembenukira kukhoma, monga ankachitira ali mwana akafuna kulira mobisa, koma kolala inamukaniza. Anangogona chagada, maso ali kudenga, misozi ikutsikira m'makutu. Ndinalibe mpango. Ndinatulutsa kansalu kopukutira lenzi m'thumba la malaya n'kuyamba kumupukuta, khutu ili kenaka linalo, ndipo sanandiletse.